Za njinga yanga yokalamba ija ndi kukuwa kwake

 Papita nthawi ndisanakulembereni kanthu, ndiye lero mundipirire chifukwa nkhani yake ndi yaitali, ndipo ndi ya njinga yamoto. Eya, njinga yomwe ija. Amene munaphunzira kwathu kuno mukuikumbuka bwino, ija munkaitcha thirakitala ya aphunzitsi, imene munkaimva idakali kutsidya kwa dambo n'kuyamba kuthamangira m'kalasi ngati kuti nthawi yonseyo munali kuwerenga. Musaganize kuti sindinkadziwa.

Njingayi ndi Yamaha AG100, ndipo inali ya malemu bambo anga. Iwo anali mlangizi wa zaulimi nthawi imene Machinga ADD inkatchedwa Liwonde ADD, ndipo ine ndinakula ndikukwezedwa pa kaliyala wake, miyendo ili lendelende. A Yamaha anayamba kupanga njinga za mtunduwu mu 1973, ndipo sanapangire ife ayi, anapangira alimi a ku Australia ndi New Zealand kuti azilondolera nkhosa ndi ng'ombe m'minda yawo ikuluikulu. N'chifukwa chake ili ndi makaliyala awiri, miyendo yoimikira iwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo tcheni chake anachitsekera m'chitsulo kuti chisamadye matope ndi mchenga. Injini yake ndi yaing'ono, ya 97cc, ya two-stroke. Liwiro ilibe, kukongola ilibe. Koma zimene zinakomera mlimi wa nkhosa kutali uko n'zimene zinakomeranso mlangizi woyenda m'tinjira ta ku Nsanama, Ntaja mpaka Nayuchi, ndipo alangizi, azaumoyo ndi a mabungwe anaziyendetsa kwambiri njingazi. Bambo atatisiya mu 2009 abale anagawana zina ndi zina, njinga n'kugwera ine poti ndine ndinkadziwa kuiliza.

Sindiisunga ngati chikumbutso chabe. Ndi imene imandifikitsa ku sukulu m'mawa uliwonse, ndi imene imanditengera ku Liwonde mwezi ukatha, ndipo kamodzi pamwezi ndimaoloka nayo Shire pa Barrage kukatenga mayi kumudzi cha ku Chiendausiku, kupita nawo kuchipatala ku Balaka kukalandira mankhwala a BP. Mayi sakwera njinga zamoto za anyamata a kabaza. Amati anyamatawo amathamanga ngati akuthawa ngongole. Njinga yokhayo imene amaikhulupirira ndi iyi, poti anaikwera zaka zambirimbiri atagwira malaya a amuna awo.

Vuto linayamba cha mu June 2023. Kuti tiyendere limodzi ndiyambe ndafotokoza kaye: injini ikamalira njinga itaima, inu osapereka moto, amakaniko amati ili pa idling. Kainjini kotere kakakhala bwino kamalira modekha, kakuzungulira maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi, moti mutha kucheza ndi munthu pambali pake osakweza mawu. Yangayi m'mawa inkalira choncho ndithu. Koma ndikayenda makilomita khumi, injini n'kutentha, zinthu zinkasintha. Ndikabweza moto, iyo osabwerera. Inkangolirabe pamwamba, ziiii, ngati pali dzanja lina losaoneka limene likupotoza chogwirira, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono monyinyirika, ndipo masiku ena osatsika n'komwe. Polowetsa giya inkachita kudumpha, gu! Tsiku lina pa roadblock ya pa Barrage wapolisi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Akuluakulu, mwapsa mtima ndi chiyani m'mawa uno?" Ndinakweza manja onse awiri m'mwamba kuti aone kuti si ine. Iye anaseka, ine ndinachita manyazi.

Pambali pa kabureta pali tisikuluwu tiwiri. Kamodzi ndi kokulirapo ndipo kali ndi sipuling'i. Ntchito yake ndi kuchirikiza kachitsulo kobulungira kamene kamakwera ndi kutsika mkati mwa kabureta mukamapereka moto, kamene amakatcha slide, kuti kasatsike mpaka kutsekeratu njira ya mpweya. Kasikuluwuko mukakalowetsa injini imakwera, mukakatulutsa imatsika. Aliyense amene anakhalapo ndi njinga amakadziwa. Ndiye ine ndinakatulutsa pang'ono, injini n'kudekha, ine n'kudziyamikira kuti mphunzitsi wa Physics sangavutike ndi zazing'ono ngati izi. M'mawa mwake njinga inalira, ndinangoti kusiya moto, yazima. Kulizanso, yazimanso. Ndinakalowetsanso kasikuluwu kaja. Pofika pamsika, injini itatentha, yayambanso kukuwa. Kuyambira pamenepo ndinali ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi, ndipo mankhwala ake anali kakobidi ka K10 kamene ndinkayenda nako m'thumba la malaya: m'mawa kulowetsa, panjira kuima n'kutulutsa, poweruka masana chimodzimodzi. Ndinachita zimenezi miyezi isanu, abale. Kakobidi kamene sikagulanso ngakhale switi kanapeza ntchito.

Mu staffroom aliyense anali ndi maganizo ake, monga mukudziwira. Mnzanga wa Agriculture anati ndi petulo wa m'zigubu. Inali nthawi imene mafuta ankasowasowa, pa filling station mizere yofika kumsewu, ndipo ambirife tinkagula kwa mavenda m'mabotolo osadziwa kuti muli chiyani. Maganizo amenewa ndinawakonda chifukwa ankachotsa mlandu pa njinga n'kuuika pa anthu ena. Inenso ndinali ndi anga, oti ndi matope ndi madzi amene njingayo inasambira mu March chaka chomwecho, nthawi ya namondwe wa Freddy. Mayi wina amene amaphunzitsa Bible Knowledge anati mwina eni ake akuifuna njinga yawo. Tinaseka, koma usiku umenewo ndinaganizako pang'ono. Akunyumba ndiye sanazungulire: "Bambo, gulitsani chinthuchi mugule Lifo ngati anzanu, chisanapweteke munthu."

Ndinapita nayo kwa makaniko wina ku Liwonde. Anamasula kabureta, kuitsuka m'kabeseni ka petulo, kuika pulagi yatsopano, kenaka anatenga sikuludiraiva n'kupotoza kasikuluwu komwe kaja. Pomwe ankamaliza injini inali itazizira, ndiye inalira bwinobwino, ine n'kulipira. Ndisanafike pa Nsanama inali itayambiranso. Sindimuimba mlandu kwambiri munthuyo. Anachita zimene inenso ndinkachita, kusiyana kwake iye analandirapo ndalama.

Loweruka lina mu October ndinayala thumba pansi pa mtengo wa mango kunyumba n'kunena kuti lero ndithana nayo mwasayansi. Ndinayamba ndi kebulo ya moto, poti nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo: kebulo ikachita dzimbiri, ikapindika kapena ikamangika kwambiri, slide ija imakhala yolendewera osafika pansi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mulize injini, mutembenuze mahandulo mpaka kumapeto kumanja, kenaka kumanzere. Kulira kukasintha ndiye kuti kebulo ikukokeka. Yanga sinasinthe. Pa njinga za Yamaha zoterezi kebuloyo imagawikana pawiri pansi pa thanki, nthambi ina kupita ku kabureta, ina ku kapampu kothira oilo mu injini kamene a Yamaha amakatcha Autolube, ndipo pogawikanapo pamatha kugwira. Ndinatsegula, ndinapukuta, ndinadonthezera oilo. Ndinachotsa za sefa ya mpweya n'kusuzumira m'kabureta: ndikasiya chogwirira, slide inkagwa yokha mpaka kumveka kuti kha. Kebulo inalibe mlandu.

Kenaka jeti yaing'ono, imene imadyetsa injini petulo ikakhala pa idling. Kabowo kake n'kochepa ngati nsonga ya singano, ndipo kachitsotso kamodzi n'kokwanira kukatseka. Ndinaimasula, kuiuzira, kuiyang'ana padzuwa. Kuwala kunkadutsa bwinobwino.

Apa m'pamene ndimadzimvera chisoni ndikakumbuka, chifukwa tsiku lomwelo ndinaona zinthu zitatu, ndipo zonse ndinazilemba m'kope ngati mwana wa Fomu 3 pa practical. Kasikuluwu kachiwiri kaja, ka mpweya, ndinakapotoza uku ndi uku injini ili yotentha, koma kulira sikunasinthe ngakhale pang'ono, ngati ndikuyankhula ndi mwala. Ndikakoka choki injini ikukuwa, inkadekha nthawi yomweyo. Ndipo pulagi yatsopano ija inali mbuu ngati phulusa, pamene ya injini yathanzi imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ndinalemba, ndinatseka kope, ndinakadya nsima. Results ndinali nawo, conclusion ndinalibe. Mwana akanandibweretsera ntchito yotere ndikanamupatsa theka la malikisi n'kumulembera ndi cholembera chofiira kuti "ndiye zikutanthauza chiyani?"

Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, petulo n'kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Malipiro anga sanasunthe. Ndinaganiza zoti njinga ipirire mpaka January, ine ndizipitiriza ndi kakobidi kanga.

Mu sabata yachitatu ya mwezi womwewo linakwana tsiku la mayi lopita kuchipatala. Amene mumaidziwa Balaka mu November mukudziwa kuti dzuwa lake limayamba kuswa mtengo 9 koloko isanakwane. Ndinali nditayenda kale mtunda wonse kuchokera kuno, injini yatentha kotheratu, mayi ali kumbuyo ndi kachikwama kawo ka buku la kuchipatala. Minibasi imene inali patsogolo pathu inangoima mwadzidzidzi kuti itole munthu, monga achitira. Ndinabweza moto. Njinga inapitiriza kukoka ngati sindinachite kanthu. Ndi kamphindi kochepa kwambiri, mwina sekondi imodzi, koma ndi sekondi imene munthu umaidalira. Ndinafinya kilatchi, injini inakuwa ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi, ndinaponda buleki n'kukhotera m'mchenga wa m'mbali mwa msewu. Sitinagwe. Koma mwendo wa mayi unaterereka n'kukhudza sayilensa, ndipo panatuluka thuza lalikulu ngati chivundikiro cha botolo.

Mayi sanakalipe. Anayang'ana mwendo, anayang'ana njinga, kenaka anati, "Nthawi ya bambo ako sinkalira chonchi." Bola akanakalipa.

Tinapitirira pang'onopang'ono. Titatsala pang'ono kulowa m'tauni injini inayamba kulemera, mphamvu n'kutha, kenaka inangogwira, tayala lakumbuyo n'kukhwekhwerezeka. Ndinafinyanso kilatchi, tinaima. Kiki inali yolimba ngati aiwotcherera. Mayi ndinawakweza kabaza wa njinga yakapalasa, amene ku Balaka sasowa, ine n'kuyamba kukankha, thukuta lili kamukamu.

Pa kashedi kena ka malata chakufupi ndi msika ndinamva munthu akuitana, "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Anali mwamuna wandevu, ovololo ili bii ndi oilo. Sindinamuzindikire mpaka atatchula chaka chake, 2014, ndi malo amene ankakhala, benchi lakumbuyo pafupi ndi zenera losweka. Dzina sinditchula, koma a kalasi imeneyo mwamudziwa kale. Physical Science, monga tinkaitchulira isanagawidwe kukhala Physics ndi Chemistry, sanakhoze pa MSCE, ndipo ndikukumbuka zimene ndinkalemba pa lipoti lake teremu ndi teremu: sakuikapo mtima. Anandilanda njinga, anandipatsa chigubu choti ndikhalire, n'kutuma kamnyamata kukandigulira madzi ozizira.

Sanagwire sipanala. Njinga anaisiya pamthunzi kuti izizire, iye n'kukhala pansi kumandifunsa mafunso ngati adokotala. "Imachita ikazizira kapena ikatentha? Mukakoka choki imatani? Ka mpweya kaja mukakapotoza imayankha? Pulagi ikumaoneka bwanji?" Funso lililonse yankho ndinali nalo, mpaka ndinayamba kunyadira. Iye anangopukusa mutu. "Ndiye mayankhotu muli nawo kale, aphunzitsi. Njingayi ikupumira polakwika. Pali pena pamene ikukoka mpweya wosadzera mu kabureta. Kasikuluwu mumapotoza kaja kalibe mlandu. Inu mumatseka chitseko, mpweya ukulowera pazenera."

Patapita ola injini inamasuka. Anadonthezera oilo pabowo la pulagi, anaponda kiki, inalira, n'kuisiya itenthe mpaka inayamba kukuwa kwake kuja. Kenaka anatenga jakisoni wopanda singano, anakokeramo petulo pang'ono, n'kumadonthezera mozungulira mpira umene umalumikiza kabureta ndi injini. Ndisanapitirize: musakayese zimenezi m'nyumba kapena pafupi ndi mbaula. Iye anali ndi ndowa ya mchenga pambali, ndipo kamnyamata kaja anakathamangitsira kutali. Pamwamba, palibe. M'mbali, palibe. Atadonthezera chakunsi kumene diso silifika, injini inasintha mawu nthawi yomweyo, inatsika ngati yameza kanthu, kenaka n'kukweranso. Atamasula mpirawo n'kuupinda ndi zala, mng'alu unatseguka ngati kukamwa kwa nsomba. Uli m'malo mwake simukanauona ngakhale mutayang'ana tsiku lonse.

Ine ndinali nditayamba kale kufunsa mtengo. Iye ayi. Anamata mng'aluwo mongoyembekezera, kumanga ndi mpira wa chubu, kulizanso. Inali bwinoko, koma itatentha inkachedwabe kutsika. "Pali pena," anatero. Anatsegula chivundikiro cha kumanzere, anakoka flywheel ndi chida chake chokokera, osati ndi hamala monga ndaonera ena akuchitira, n'kuchotsa mbale ya makoilo. Kuseri kwake, malo oyenera kukhala ouma, kunali matope akuda a fumbi losakanikirana ndi oilo. Pakati pake panali seal, kampira kozungulira kamene kamakumbatira chitsulo cha crankshaft pamene chikutulukira kunja. Kanali kouma gwa ngati chikopa cha ng'oma yakale, ndipo ndikukhulupirira kuti n'komwe njingayo inachoka nako ku Japan. Anagwira nsonga ya crankshaft n'kuigwedeza m'mwamba ndi pansi kuti amve ngati bearing yatha, poti bearing ikatha seal yatsopano sikhalitsa. Mwamwayi sinagwedezeke.

Ndinamufunsa chifukwa chake anayambira kumanzere. Anati seal ya kumanja imakhala m'oilo wa magiya, ndiye ikatha injini imayamwa oiloyo, njinga n'kumafuka utsi ngati uvuni wa makala, oilo wa magiya n'kumachepa. Ya kumanzere kuseri kwake kulibe kanthu koma mpweya. Yanga sinkafuka mopitirira, inkangokuwa.

Tsono apa mundilole ndikhale mphunzitsi pang'ono, ngakhale tsikulo ndinali mwana wasukulu. Mu injini ya two-stroke petulo ndi mpweya sizipita molunjika pamwamba pa pisitoni. Zimayamba zalowa m'chipinda cha pansi, mmene mumazungulira crankshaft. Pisitoni ikamakwera chipindacho chimakula, pressure ya mkatimo imatsika kuposa ya kunja, ndipo mpweya wakunja umadzikankha wokha kulowa kudzera mu kabureta n'kutengako petulo podutsa. Pisitoni ikamatsika imafinya zimene zalowazo n'kuzikankhira pamwamba kuti zikapse. Ndiye kuti chipindacho ndi pampu, ndipo pampu sifuna khomo lina. Mpweya susankha. Ukapeza mng'alu umalowa pomwepo, ndipo wolowera pamenepo subwera ndi petulo. Kuti petulo apse mokwanira pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Pa idling kabureta imapereka petulo woonjezerako pang'ono, ndiye mpweya wakuba uja ukalowa zimakhala ngati mwapereka moto, injini n'kukwera. Ndipo pa idling m'pamene vutoli limaonekera kwambiri, chifukwa slide imakhala yatsala pang'ono kutseka, injini ikuyamwa mwamphamvu pakhomo lopapatiza, moti kamng'alu kakang'ono kamasanduka khomo lalikulu. Choki inkaidekhetsa chifukwa inkaonjezera petulo. Ka mpweya kaja sikankayankha chifukwa mpweya umene kamalamulira unali wochepa poyerekeza ndi wakubawo. M'mawa, zitsulo ndi mipira zisanatenthe, ming'alu inali yothinana, n'chifukwa chake ndinkachoka pakhomo ndi njinga yaulemu n'kukafika ndi yamisala. Zonse zinali m'kope langa lija.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti kukuwako sikunali matenda enieni, kunali kubuula kwa wodwala. Petulo akachepa mpweya n'kuchuluka, pisitoni imatentha kwambiri, ndiye phulusa la pa pulagi lija. Komanso kapampu ka Autolube kamathira oilo motsatira mmene mwapotozera chogwirira. Chogwirira chikakhala chotseka kamathira wochepetsetsa ngati kuti injini ikupuma, pamene yangayi inali ikuthamanga. Kutentha kochuluka, oilo wochepa, kuphatikizapo dzuwa la ku Balaka, pisitoni inatupa n'kugwira m'silinda. Miyezi isanu yonseyo ndinkangoitseka pakamwa ndi kakobidi.

Ndikufotokoza zimenezi mokweza, mwina pofuna kubweza ulemu wanga, iye anaseka. "Ndi za chitini zija, aphunzitsi." Sindinamve. Anandikumbutsa tsiku limene ndinabweretsa chitini cha mafuta ophikira m'kalasi, kuthiramo madzi pang'ono, kuwiritsa pa mbaula imene ndinabwereka kwa alonda, kutseka, kenaka kuthira madzi ozizira pamwamba, chitini n'kufinyika chokha pamaso pa kalasi yonse. Anati kuyambira tsiku limenelo anadziwa kuti mpweya umakankha, ndipo akamva injini ikukuwa amangodzifunsa kuti ukukankhira pati. "Kungoti pa mayeso ankafuna ndilembe m'Chingerezi."

Ndinakhala chete pa chigubu paja. Mutu wa pressure ndauphunzitsa zaka zoposa makumi awiri. Ndimalemba pa bolodi kuti m'mbali mwa nyanja yamchere mpweya umakankha ndi mapascal pafupifupi 101,000, ana amakopera, ena amakhoza. Za chitini ndinasiya kalekale, chifukwa zimadya period yonse ndipo silabasi siidikira munthu. Aphunzitsi anzanga a m'ma CDSS, tonse timadandaula za kusowa kwa labu, ndipo dandaulolo ndi loona. Koma chitini chija sichinafune labu. Ndipo mawu aja oti sakuikapo mtima, ndikuona tsopano kuti ndinkawalemba chifukwa ndi amene anali pafupi ndi dzanja, ngati kasikuluwu kaja. Sindinafunsepo kuti pa benchi lakumbuyo lija vuto linkalowera pati.

Zipangizo ku Balaka sizinapezeke. Seal imakhala ndi manambala atatu olembedwa pamwamba pake, kukula kwa bowo la mkati, kukula kwa kunja ndi kunenepa kwake, m'mamilimita. Anawerenga manambalawo pafoni kwa mnzake wa ku Limbe, n'kuumirira kuti ikhale yopirira petulo ndi kutentha, osati ina iliyonse yofanana kukula. Seal ndi mpira uja zinabwera ndi kondakitala wa minibasi patapita masiku awiri. Seal yokhayo mtengo wake sunafike wa malita awiri a petulo. Njinga inagona ku Balaka, mayi ndinawaperekeza kumudzi pa minibasi atawamanga bandeji, ndipo masiku otsalawo ndinapita ku sukulu pa njinga yakapalasa ya mwana wanga, ana a Fomu 1 akuomba m'manja pageti.

Loweruka ndinapita kukaitenga, ndipo ndinaona mmene anamalizira. Anali atatsegula silinda. Pisitoni inali ndi mikwingwirima mbali ya ku sayilensa, koma maring'i anali omasuka, ndiye anangosalaza. Anandiuza mosabisa kuti tsiku lina idzafuna rebore ndi pisitoni yatsopano, ndiyambe kusunga ndalama. Anaona ngati zizindikiro za pa kapampu ka oilo zikugwirizana ndi kebulo. Kenaka analowetsa ka mpweya kaja mofatsa mpaka kugunda, n'kukabweza kamodzi ndi theka, analiza injini, anazungulira nayo mpaka ku siteshoni ya sitima n'kubwerako kuti itenthe, n'kumakasuntha pang'onopang'ono akumvetsera. Ulendo uno injini inkayankha. Kasikuluwu kanga kaja anakagwira pomalizira penipeni, kamodzi kokha.

Pa malipiro ndinkayembekezera kuti tikanganako, iye akukana ine ndikukakamiza. Ayi ndithu. Anatchula mtengo wonse osachotsera ngakhale tambala. "Aphunzitsi, inunso simunkandionjezera malikisi." Ndinalipira ndikuseka, n'kupempha seal yakale ija. Ili m'kabati ya mu staffroom pamodzi ndi chitini chatsopano, amene muli ndi kalasi ya Fomu 3 mukhoza kubwereka. Akunyumba nditawauza za rebore anangoti "mwaonatu," ndipo nkhani ya Lifo sanaisiye.

Mu December ndinakawatenganso mayi. Anazengereza pokwera, anakulunga chitenje pa mwendo wa chipsera uja, n'kugwira malaya anga mwamphamvu kuposa kale. Njira yonse sanayankhule. Titafika pageti la chipatala ndinabweza moto, ndinaima, injini n'kutsika nthawi yomweyo, ting, ting, ting. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Usazimitse kaye," anatero mayi, ali chikhalire kumbuyo.

Petulo anali pa K2,530. Ndinaisiya ikulira.